Madzi Otsukira Mbale

Banja lake litatha, mayi wina, telala, anabwerera kwa mchimwene wake ndi makina osokera, sutikesi, ndi njere zisanu ndi zinayi zomanga pakansalu. Zinali za ndiwo zija zoyanga, za masamba onenepa oterera, zomwe ankalima kuseri kwa nyumba imene anaisiya. Anazidzala m'tsinde mwa khoma, pomwe dzuwa limawotcha mpaka madzulo, pakuti mbewuyi imadana ndi kuzizira. Anazika nsungwi n'kumangako zingwe zoti idzayangepo.

Koma mlamu wake, mkazi wa mchimweneyo, ankafuna malo omwewo kuti aikepo khola la nkhuku.

Sabata inatha, yachiwiri inayamba. Pansi pali zii.

"Alamu, kodi munadzala ndiwo kapena nsungwi?" anatero mkaziyo ali chiimire pakhomo. "Zingwezi tiphika liti? Banja linakukanikani, dimba ndiye mulitha?"

Telala anangopondereza makina. Cholakwa chake ankachidziwa: tsiku lodzala mutu unali wodzaza ndi za ukwati, ndipo anaiwala kunyika njerezo m'madzi. Khungu lake ndi gwa, losalola kusweka wamba.

Mchimwene anagamula akumanga nsapato. "Chemwali, zikapanda kumera pofika Loweruka, pakhala khola. Makutu anga atopa nanu nonse."

M'mawa mwake telala akusoka pawindo anaona mlamu akunyang'ama ndi beseni la madzi otsukira mbale, nthunzi ili tolotolo. Mkaziyo anacheukacheuka, kenako khuthu! pa njere paja, kuti zipse.

Telala anadzambatuka, sizasi ili m'manja. Atatuluka anapeza mlamu atalowa kale. Anagwada n'kupisa chala m'dothi. Silinali lowotcha ayi, linali lofunda bwinobwino, lonyowa mpaka pansi. Anabwerera kumakina.

Mawa lake mlamu anathiranso. Mkuja chimodzimodzi. Telala ankangoyang'ana pa singano.

Loweruka kalipentala anafika ndi matabwa a khola, koma anaima.

"Mayi, ndikhome pamwamba pa mbewu?"

Timitengo tisanu ndi kamodzi tofiirira tinali titang'amba dothi, kalikonse ndi timasamba tiwiri. Mchimwene anawerama, anawerenga, nauza kalipentala kuti apite nawo matabwa kuseri kwa bafa.

Mlamu anali chiimire pakhomo, beseni lili m'manja.

"Musataye kwina madziwo, alamu," anatero telala. "Pomwe paja. Muli ndi dzanja labwino."