Mkaka m'Phala la Hilary

Hilary atamusiya Bernadetta, sanachoke mwakachetechete. Anauza abale ake ndi madalaivala anzake a minibasi pa Liwonde kuti mkaziyo ankamuthirira mankhwala m'chakudya, n'chifukwa chake m'mimba munkamuvuta. Anthu anasiya kugula mandasi a Bernadetta pa depoti. Ngakhale kutchalitchi, amayi ena ankasendera kutali iye akakhala pansi.

Chonsecho onse awiri ankadziwa zoona zake. Anapitira limodzi kuchipatala, adokotala n'kuwafotokozera kuti m'matumbo muli ma enzaimu, timadzi togaya chakudya, tina ta nyama, tina ta mafuta. Hilary analibe togaya shuga wa mu mkaka, ndiye mkakawo unkangodutsa osagayika n'kukasasa m'munsi. Bernadetta sanagulenso mkaka. Koma Hilary anali atapeza kale Luckness, mtsikana wa ku Nkaya, ndipo bodza la mankhwala linkamuyendera bwino.

Tsiku lina Luckness yemweyo anaima pa beseni la mandasi, akuchita manyazi.

"Pepani amayi, musandipsere mtima. Bambo aja amakana zakudya zambiri, sanena chifukwa. Inu munkawaphikira chiyani?"

Bernadetta anazindikira kuti Hilary sanamuuze mtsikanayo za mkaka, poopa kuti bodza lake lingaululike.

"Mkaka wa ufa, mwanawe. Uzithira pang'ono m'phala la m'mawa, uziwonjezera nsinjiro zambiri. Osawauza iyayi, amati ndi zakudya za ana."

Sabata isanathe, depoti yonse inali ndi nkhani. Minibasi ya Hilary inkaima patchire paliponse pakati pa Liwonde ndi Balaka, dalaivala n'kutsika akuthamanga atagwira lamba. Okwera anayamba kuizemba. Makondakitala anamupatsa dzina loti Tayimani Kaye. Bernadetta ankamva zonsezi akukulunga mandasi, osaseka, koma chakudya chinayamba kumukomeranso.

Mwini minibasi atalanda makiyi, Luckness anabweranso, tsaya litatupa.

"Akuti ndikuwadyetsa mankhwala. Anena pamaso pa amalume anga."

"Khala pansi," anatero Bernadetta, n'kumupatsa ndasi. Anamuuza zonse: za kuchipatala, za timadzi tosowa tija, ndi zoti malangizo aja anamupatsa dala.

"Ndinkafuna aone zomwe anandionetsa. Koma kuti akumenye, zimenezo sindinaziganizire."

Luckness anatafuna pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti ankadziwa kuti si mankhwala?"

"Ankadziwa."

"Kodi mkakawo ungawaphe?"

"Iyayi. Umangowazunza."

Mtsikanayo anaimirira, n'kukonza chitenje chake.

"Akundiperekeza kwathu Loweruka pa minibasi, ati akandinyoze bwino pamaso pa anthu. Paketi ya mkaka ija idakalipo theka. Lachisanu ndiwaphikira mpunga, Loweruka phala."

Bernadetta sanamuletse. Anangomuuza kuti pa mpungapo athire tomato wambiri kuti mkakawo usamveke.