Chithunzi cha Chisamba Pamsewu

Mayi anabwerera kunyumba kudzatenga zipeso zimene anaiwala, ndipo atalowa pabalaza anapeza msomali uli wokha pakhoma. Pamalopo pamakhala chithunzi cha Chisamba, mwana wawo woyamba, amene anamwalira ali m'kalasi yomaliza kusekondale. Sanavutike n'kufunsa aneba. Mbava yosiya wailesi, yosiya kanema, n'kutenga chithunzi cha malemu, m'nyumbamo inalimo imodzi yokha: Chitsiriza, mwana wawo wamng'ono wa kukoleji, amene sabata yonse ankadzitsekera kuchipinda n'kumalemba makatoni.

Linali tsiku la zionetsero. Ena ankafuna kuti lamulo lisinthe, amayi azitha kuchotsa mimba kuchipatala osati m'makumbi. Ena ankati zimenezo ayi, ndi kupha. Mayi anali oluka tsitsi pasaluni, ndipo nkhanizi ankazimvera pamwamba pa mitu ya makasitomala, iwo pakamwa ataluma chipeso, osayankhirapo. Koma njira ya zionetserozo ankaidziwa bwino. Gulu limanyamukira padepoti, kudutsa msewu wa mashopu, kukathera kunyumba ya malamulo. Ndipo pamsewu wa mashopuwo m'pamene panali shopu ya amuna awo, amene tauni yonse inkangowatchula kuti Agalasi chifukwa amadula magalasi ndi kukhoma mafelemu.

Agalasi ankadziwa kuti Chisamba anafa ndi malungo. Ndi mmene Mayi anawauzira, ndi mmene zinalengezedwera pamaliro. Zoona zake, mwanayo anali ndi pakati, mnyamata wake anakana kwamtuwagalu, ndipo Mayi eniakewo ndi amene anamugwira dzanja kupita naye kwa mzimayi wina kuseri kwa msika. Magazi sanasiye. Anabisa, anabisa, mpaka pofika kuchipatala madokotala anangopukusa mitu. Chitsiriza nthawiyo anali wamng'ono, koma ankagona bedi limodzi ndi mkulu wakeyo, ndipo mwana wogona pabedi lotere sumunamiza.

Mayi anaimba foni ya Chitsiriza. Yozimitsa. Anaimbira mnzawo wa kusaluni kuti kasitomala wawo amumalize yekha mutu, n'kutseka chitseko. Ankafuna chinthu chimodzi basi: chithunzicho chibwerere pamsomali chisanafike pamaso pa bambo ake.

Minibasi inawatula kutali chifukwa apolisi anali atatseka msewu. Anayenda wapansi, kudutsa ogulitsa madzi amene tsikulo anali atakweza mtengo mopanda manyazi. Tsidya lina la msewu kunali amayi a mpingo, akuimba nyimbo atanyamula zikwangwani zojambulidwa makanda. Mmodzi mwa iwo, kasitomala wawo wa mwezi ndi mwezi, anawaona.

"Mayi, bwerani kuno! Kumeneko n'kwa opha ana!"

"Ndikubwera, ndikubwera," anatero Mayi, akulowera komwe amaletsedwako.

Gululo linali lalikulu, fumbi kobo, chimkuzamawu chikulira mogonthetsa m'kutu. Nkhope sukanazindikira. Koma woluka safuna nkhope. Mayi ankayang'ana mitu chakumbuyo, mpaka anaona mizere yawo, yokhotera kumanzere, imene analuka okha Lamlungu lapitalo mwini mutu akudandaula kuti akumukoka. Anakankha anthu, kupondedwa, kutukwanidwa, mpaka anafika.

Chitsiriza anali atakweza felemuyo pamwamba ndi manja awiri. Chisamba ankamwetulira mu yunifolomu yake monga ankachitira pabalaza. M'munsi mwake, pagalasi, panali pepala lomata ndi selotepi, zilembo zake zikuluzikulu: MKULU WANGA SANAFE NDI MALUNGO. ANAFA POCHOTSA MIMBA MOBISA.

"Iwe," anatero Mayi, atamugwira mkono. "Bwera nacho kuno."

"Amayi, ndisiyeni."

"Wapenga eti? Bambo ako ali apa pakona. Ukufuna uwaphe?"

"Wakufa ndi uyu, amayi. Bambo ali moyo."

"Ndikukupempha, mwanawe. Tenga katoni, lemba zimene ukufuna, kuwa mpaka mawu aphwe. Koma mkulu wako m'siye agone."

"Wagona mokwanira ndi bodza," anayankha Chitsiriza, misozi ili chuchuchu koma manja osatsitsa.

Mayi anadumpha n'kugwira ngodya ya felemu. Mwana anakokera uku, mayi anakokera uko, ndipo gulu silinkaima kudikira kuti amalize, linkangowakankhira kutsogolo. Mnyamata wina wa chikwangwani chachitali anapunthwa n'kuwagunda. Galasi linalira kuti khwaa, mng'alu kuchokera pamwamba mpaka pansi, zidutswa zina n'kugwera pamsewu.

Atatukula maso, Mayi anaona kuti afika kale pashopu ya amuna awo. Agalasi anali ataima pakhomo la shopu, chitseko chachitsulo atachitsitsa theka, pakuti munthu wogulitsa magalasi sakonda gulu la anthu, kaya likuimba za Mulungu kaya za lamulo. Kuchokera pamenepo sakanatha kuwerenga pepalalo. Koma felemu anaikhoma okha, ndi matabwa amene anasunga osagulitsa, ndipo ntchito ya manja awo ankaizindikira ngakhale ili tsidya la msewu. Anakodola ndi chala. Onse awiri anapita ngati ana a sukulu oitanidwa kuofesi.

M'shopumo munali mdima pang'ono, fungo la utuchi ndi guluu. Agalasi analandira felemuyo n'kuigoneka pathebulo lawo loyalidwa bulangete lakale. Anavala magalasi a maso. Anawerenga pepalalo pang'onopang'ono, milomo ikugwedera, kenako n'kuwerenganso. Mayi anatsamira khoma. Ankayembekezera kukuwa, mwina mbama, mwina pepalalo kung'ambidwa. Mwa zonsezo ankapempherera kung'ambidwako.

"Izi n'zoona?" Agalasi anafunsa Chitsiriza.

"N'zoona, bambo."

Anagwedeza mutu. Anatembenuza felemu, kuzula timisomali ndi pulayala, kutulutsa chithunzi n'kuchiuzira kuti tizidutswa tichoke. Anatenga galasi latsopano, kuyeza, kulemba mzere ndi chodulira, n'kuthyola bwinobwino monga amachitira tsiku lililonse.

"Pagalasi sitimata selotepi," anatero. "Imasiya litsiro. Unakulira m'shopu muno, iwe."

Anamatula pepala lija pagalasi losweka, kulidula m'mbali kuti liwongoke, n'kuliika m'kati, m'munsi mwa chithunzi. Anakhoma timisomali, kupukuta galasi ndi nyuzi, n'kumupatsa mwanayo.

"Gwira m'mbali. Anzako akukusiya."

Chitsiriza anayang'ana amayi ake, kenako anawerama n'kutuluka pansi pa chitseko chachitsulo. Phokoso la gulu linkapita likuchepa. Agalasi anatenga tsache n'kuyamba kusesa zidutswa zimene zinagwera pansi. Anasesa nthawi yaitali malo ang'onoang'ono.

"Inu munkadziwa?" anafunsa osatukula mutu.

Mayi anali atanyamula bodzalo zaka zambiri, ndipo analitopa nalo kuposa mmene ankaganizira. "Ndine ndinamuperekeza."

Tsache linaima.

"Masiku aja Chisamba atagona," anatero Agalasi, "munandituma kukagula mankhwala a malungo. Pafamase yapafupi anali atatha. Ndinazungulira tauni yonse wapansi. Nditabwera ndinamudzutsa, kumutsamiritsa pachifuwa panga, kumumwetsa ndi dzanja langali. Anameza akundiyang'ana. Ine n'kumamuuza kuti mawa udzuka, malungo ndi matenda a aliyense."

"Ndinkaopa inu, bambo a Chisamba. Iyenso ankaopa inu. Munkanena nokha patebulo kuti mwana wanu akadzabwera ndi mimba ya patchire adzaone kolowera."

"Ndinkanena," anavomera Agalasi. "Ndipo ndikanakalipa. Ndikanakalipa ndithu, mpaka aneba akanatuluka m'nyumba. Koma ndikanakalipira m'galimoto, tikupita kuchipatala."

Mayi anasuntha phazi kuti ayandikire.

"Imani pomwepo," anatero Agalasi. "Mwavala mapatapata, pansipa pali magalasi."

Mayi anaima. Amuna awo anapitiriza kusesa mowazungulira, osawayang'ana kumaso.