Chigamba pa Bokosi la Bambo

Ndikupatsani moni inu amene mwakhala pansi kuti muwerenge, ndipo ndikuyamika Mulungu amene watisunga kufikira lero, natipatsa makutu akumva ndi mitima yotha kufewa ngakhale itauma ngati mwala. Nkhani yathu ndi ya mayi wina wosoka zovala, amene makasitomala ake ankangomutchula kuti Nasingano, ndi mlongo wake wamng'ono wokonza mawailesi, amene msewu wonse unkamudziwa kuti Mawaya.

Bambo awo atamwalira, Nasingano sanalimbirane mipando kapena njinga. Anangotenga kabokosi ka matabwa komwe kale munkakhala ndudu zonenepa zija amasuta anthu olemera. Malemuwo fodya sankamuyandikira n'komwe. Bokosilo anachita kupatsidwa lili lopanda kanthu ndi mlendo wina kuhotela kumene ankaperekera zakudya. Iwo anali wotsogolera kwaya, ndiye mkati mwa chivundikiro ankalembamo ndi pensulo manambala a nyimbo za m'buku la kutchalitchi, mzere ndi mzere, kwa zaka makumi atatu. Pophunzitsa ana nyimbo kunyumba ankaliika pamwendo n'kumaligogoda ndi zala, kawiri mwapang'onopang'ono, katatu mofulumira.

"Bokosi ili lili ndi mawu," ankatero. "Tsiku lina ndidzaliika nsambo."

Tsikulo silinawafikire, choncho Nasingano analiika nsambozo yekha. Zinamutengera miyezi itatu. Khosi la gitalayo analisema kuchokera ku mwendo wa tebulo lothyoka. Nsambo zitatu anapangira ulusi wokhuthala wa nayiloni umene ankasokera zikwama, poti zala zake zinali zitayamba kutupa ndi nyamakazi ndipo waya sakanatha kumukanikiza. Anaphunzira nyimbo imodzi yokha, imene inaimbidwa pa ukwati wa makolo ake. Nambala yake inali pakati penipeni pa chivundikiro, bambo ataizunguliza kawiri.

Vuto linali makutu a mayi awo. Gogoyo ankamva pokhapokha munthu atakuwa ngati akuitana wina kutsidya la msewu. Komanso Lamlungu masana, mwana wawo womaliza ankabwera kudzawatenga kuti azikakhala naye kutali, ulendo wa masiku awiri, ndipo aliyense ankadziwa mumtima kuti mwina sadzabwereranso. Lachinayi Nasingano anagwada pafupi ndi mpando wawo naimba nyimbo yonse, ndime zinayi. Atamaliza, mayi anamuyang'ana mwachifundo.

"Yambatu mwanawe, ndikudikira."

Lachisanu m'mawa anamasula nsambo zonse kuti chivundikiro chithe kutseguka, nazikulunga m'thumba la diresi, n'kunyamula gitalayo kupita kwa mlongo wake. Kashopu ka Mawaya kanali kopapatiza, mawailesi opanda misana ataunjikana mpaka kudenga, fungo la mtovu wosungunuka lili koo.

"Achimwene, ndikufuna ichi chizimveka pa sipika yanu ija yaikulu."

Mawaya anatembenuza gitalayo uku ndi uku, naseka chapansipansi. "Mwayesetsa, achemwali. Tsono apa pakufunika pikapu."

"Pikapu ya chiyani? Ndanena kuti ndikusamuka? Ndikufuna mawu ine, osati galimoto."

"Osati ya matayala! Kachipangizo kotola mawu a gitala n'kuwatumiza ku sipika, nakonso amati pikapu. Zilipo za mitundu iwiri." Anatsegula kabati natulutsa kanthu kakuda, kotalika ngati chala, kokulungidwa ndi waya wopyapyala. "Iyi ndi ya maginito. Iyi ndiye yeniyeni, ya akatswiri. Imamva nsambo zokha basi, mawu oyera ngati madzi a pampopi. Kungoti imafuna pokhala. Tiboola kabowo pachivundikiropa, pansi pa nsambo."

"Nanga inayo?"

Anafufuza m'chitini cha zinthu zakufa natulutsa kachitsulo kopyapyala, kozungulira ngati batani la jasi. "Aka ndinakachotsa mu wotchi ya alamu. Amati piyezo. Timangokamata mkati ndi guluu, osadula kanthu. Koma ndi kamiseche, achemwali. Kamamva thabwa lonse. Mukakanda, kanena. Mukagogoda, kanena. Diresi lanu likakhudza, kakauza mpingo wonse. Kali ngati apongozi anga."

"Ndipatseni kamisecheko."

"Mudzandichititsa manyazi. Anthu adzati Mawaya waika zinyalala."

"Anthu ake ati? Womvera ndi mmodzi, ndipo ndi mayi anu. Tatsegulani muone." Anamusonyeza manambala aja. "Ili ndi dzanja la bambo. Pano sipadutsa mpeni."

Pomwepo foni ya Nasingano inalira. Anali mkwatibwi wina amene anali ataima pakhomo la shopu yake, akulira kuti diresi likumuthina m'chiuno pomwe ukwati ndi mawa. Nasingano analoza mlongo wake ndi chala. "Kamisecheko. Mwamva? Ndikubwera."

Anabwerako patapita maola awiri. Chimene anayamba kuona ndi utuchi patebulo. Kenaka anaona gitala yake itagona chagada, pakati pake pali kanthu kakuda kaja, katalowa bwinobwino m'bowo la makona anayi.

"Musanayambe kulankhula, imvani kaye mawu ake," anatero Mawaya, akupukuta manja. "Mundithokoza."

Nasingano anatsegula chivundikiro. Manambala a m'mbali analipo. Pakati panali bowo.

"Iwe." Chikwatirireni mlongo wakeyo anali asanamutchulepo choncho. "Iwe, unabadwa ndi makutu kapena zogwirira mphika?"

"Achemwali, ndi manambala chabe. Buku la nyimbo lilipo, mukhoza kukoperanso."

"Ukoperenso dzanja la bambo? Udzawadzutsa ndiwe kuti adzagwire pensulo? Ndinakusambitsa ine, ndinakubereka kumsana mpaka msana kupindika, lero wakula, wadziwa mawaya, mawu a mlongo wako asanduka phokoso la wailesi yakufa!"

Wometa tsitsi wa khomo loyandikana anasuzumira, lumo lili m'manja, n'kubwerera mwakachetechete.

"Ikani nsambo mumve," anaumirira Mawaya, mawu atayamba kuchepa. "Mukapanda kukondwa munditukwane."

Nasingano anatulutsa nsambo zija m'thumba. Anazimanga zonse zitatu, nazikunga. Mawaya analumikiza waya ku sipika, nakweza mawu. Nasingano anakhwacha nsambo. Sipika inangoti mmm, ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Anakhwachanso. Zii.

Mawaya anagwedeza waya, nasintha bowo, namenya sipika pambali. Kenaka anawerama nagwira nsambo imodzi pakati pa zala ziwiri, ndipo nkhope yake inagwa.

"Uwu ndi ulusi."

"Unkayesa ndi chiyani? Ndine telala."

"Maginito samva nayiloni, achemwali. Amamva chitsulo chokha." Anaisiya nsamboyo. "Simunandiuze."

"Unandifunsa? Katswiri wamkulu, unafunsa? Wang'amba dzanja la bambo chifukwa cha chinthu chogontha kuposa mayi!"

"Tikhoza kuika zawaya. Wokonza njinga ali ndi..."

Nasingano anamuonetsa zala zake, mfundo zotupa ngati nsungwi. "Ndikanikize waya ndi izi? Pofika Lamlungu? Chotsa chinthu chakocho. Chotsa!"

Mawaya anamasula maginito aja. Nasingano anagwada pansi, mayi wamkulu ndi diresi lake loyera, nayamba kufufuza m'katoni ya zinyalala, pakati pa tizidutswa ta waya ndi mabatire otha. Anakapeza kathabwako. Kanali kathunthu, nambala ija ili pomwepo ndi mizere yake iwiri yozungulira, koma macheka anali atadya m'mbali monse. Anakakulunga m'kansalu natuluka osatsanzika.

Kunyumba anayesa kupemphera. Ankadziwa bwino zimene malemba amanena za mkwiyo wogona nawo, ndipo iye mwini anali atalangizapo amayi ambiri za kukhululuka. Koma kulangiza ndi kwina, kumeza ndi kwina. Atafika pa mawu okhululukira otilakwira, anaima. "Ambuye, Inu mukuona," anangotero. "Lero sinditha. Ndikanama mundigwira bodza."

Loweruka m'mawa anaika gitalayo patebulo lodulira nsalu. Anayesa kubwezera kathabwa kaja m'bowo, koma kankangogwera mkati. Guluu sakanagwira, mpata unali waukulu. Anakayang'ana nthawi yaitali, ndipo manja ake anayamba okha ntchito imene ankaidziwa. Anatenga chisongole chobowolera zikwama, nayamba kuboola timabowo ting'onoting'ono m'mbali mwa kathabwako ndi m'mbali mwa bowolo, motalikirana bwino ngati akupinda siketi.

Ali mkati moboola, pakhomo panachita mdima. Anali Mawaya, sipika ili paphewa, chowotcherera mtovu chili m'thumba la malaya.

"Odi, achemwali."

Nasingano anapitiriza kuboola.

"Ndabwera nako kamiseche kaja."

"Khala apo. Gwira apa. Ukasuntha ndikusokera limodzi."

Mawaya anagwira kathabwako ndi zala ziwiri kuchokera mkati, mlongo wake akulowetsa singano yaikulu ndi ulusi womwe uja wa nayiloni, kulowa, kutuluka, kukoka. Singano inabaya Mawaya kamodzi. Anangoluma mlomo.

"Pepani, achemwali."

"Pepani sasoka thabwa. Gwira bwino."

Chigamba chitatha, Mawaya anafunsa, ulendo uno mwaulemu, pamene angamate kachitsulo kaja. Nasingano anamulozera pakona pomwe panalibe cholembedwa chilichonse. Atalumikiza, sipika inalira mluzu woboola m'makutu mpaka galu wa pakhomo loyandikana anauwa. Mawaya anakasunthira sipikayo kutali, nakulunga kachitsuloko ndi kansanza kofewa, mluzu uja n'kuleka. Mawu a nsambo anatuluka, okuluwika pang'ono, okanda, pamodzi ndi kukhwekhwereza konse kwa mkono wa diresi.

"Ndinanena ine kuti..." anayamba Mawaya.

Nasingano anangomuyang'ana, iye n'kutseka pakamwa.

Lamlungu atabwerako kutchalitchi anapeza katundu wa mayi atamangidwa kale, masutikesi awiri ndi ndowa ali pakhomo, mng'ono wawo wodzatenga mayi uja akuyang'ana wotchi. Mayi anali pampando wawo pafupi ndi zenera, atavala nsapato. Mawaya anaika sipika pambali pa khutu lawo lakumanja, lomwe linali labwinoko. Nasingano anakhala pampando waufupi, mawondo ake atagundana ndi a mayi, nayamba kuimba.

Mayi anapendeketsa mutu. "Kukulira chinachake," anatero. "Ndi wailesi?"

Nasingano anapitiriza ndime yachiwiri, misozi ya ukali itayamba kumuotcha m'maso. Ndiye maso a gogoyo anagwera pa bokosilo. Anatambasula dzanja, nalisisita, napeza ulusi wa chigamba chija.

"Bokosi la bambo anu ili. Walivulaza ndani?"

Nasingano akanatha kunena, ndipo mawu anali kale palilime, akuthwa bwino. Koma Mawaya anagwada nakuwira m'khutu mwawo: "Ndine, mayi! Ndinauzidwa kuti ndisadule, koma ndinadula!"

"Ndiwe ndithu," anatero mayi. "Unathyolanso magalasi awo uli ndi zaka zisanu."

Dzanja lawo linali likadali pachivundikiro. Zala zokwinyika zija zinagogoda zokha, monga munthu amachitira ndi chinthu chimene anachiona chikuchitidwa zaka zambiri: kawiri mwapang'onopang'ono, katatu mofulumira. Ndipo kachitsulo kamiseche kaja, kosadziwa kusunga chinsinsi, kanatola kugogodako n'kukutulutsa pa sipika ngati ng'oma. Du, du, dududu.

Mayi anadzidzimuka nachotsa dzanja. Anayang'ana sipika, nayang'ana kukhomo ngati pali wina woti alowe. Kenaka anabwezera zala zawo nagogodanso. Du, du, dududu.

"Awotu," ananong'ona. "Akuyambitsa nyimbo."

Nasingano analowa ndi nsambo pa kugunda kwachitatu, monga ankachitira a kwaya. Kaya mayi ankamva nsambozo ndi makutu kapena ndi dzanja lomwe linali pathabwa, palibe akudziwa, koma anaipeza nyimboyo. Anaimba ndime zonse zinayi ndi mawu onjenjemera, osaphonya liwu, zala zikugogoda pachigamba penipeni. Mng'ono uja anasiya kuyang'ana wotchi.

Galimoto itanyamuka, awiriwo anatsala pakhomo. Mawaya anakulunga waya wake pachigongono.

"Achemwali, ndiye kuti zatha?"

"Sizinathe. Ndikaona bowolo ndimafunabe kukumenya ndi sizasi." Anapukuta maso ndi nsonga ya mpango. "Koma ndauza Ambuye kuti ndiyesa. Nyamula sipikayo, ukaisiye kwathu. Ndi yanga tsopano."

"Sipika yanga yaikulu?"

"Ukufuna tiyambirenso?"

Mawaya anaisenza paphewa natsata mlongo wake.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, Mulungu akupatseni makutu ofunsa musanadule, ndipo pamene mwadula kale, akupatseni wina wodziwa kusoka. Akusungeni inu ndi a pabanja panu, ndipo mtendere wake ukhale pa nyumba yanu. Ameni.