Loko Wofiira wa pa Swichi

Pa chigayo cha mpunga cha kopaletivi ya Tikolore, kufupi ndi Golomoti, panali loko wofiira amene aliyense ankadziwa ntchito yake. Munthu akafuna kulowetsa dzanja m'makina, ankayamba watsitsa mpini wa swichi yaikulu, n'kuukhoma ndi lokoyo, kiyi n'kuponya m'thumba mwake. Lamuloli anabwera nalo ndi Enifa Kadzuwa kuchokera ku maphunziro a masabata awiri ku Lilongwe, ndipo analilalikira mpaka anyamata a pachigayo anamutcha Mayi Loko. Iye dzinalo ankalikonda ndithu, ngakhale pamaso pa anthu ankachita ngati lamunyansa.

Chaka chimenecho kopaletivi inkafuna chiphaso choti mpunga wake uzilowa m'masitolo akuluakulu a m'tauni, osati kumangogulidwa ndi mavenda pamsewu. Woyendera anali kubwera Lachinayi kudzaona ngati antchito ali otetezeka komanso ngati mpungawo ndi wosamalidwa bwino. Sabata yonse anthu anakhalira kupaka laimu, kusesa kangaude, kuyesa zisoti zophimba tsitsi n'kumasekana. A Kaliati, tcheyamani, amene chikhalire sanagwirepo tsache, ankayendayenda manja ali kumbuyo akuloza fumbi.

Lachitatu m'mawa Enifa anapita kukaona kabati yosungiramo mankhwala a makoswe, ndipo kiyi anathyokera m'loko wake wadzimbiri uja. Anachita kumenya ndi mwala kuti atseguke. Tsono kabati ya poizoni yosakhoma, m'nyumba yodzaza matumba a mpunga, mawa lake kukubwera woyendera, chimenecho chokha chikanagwetsa ntchito ya miyezi isanu ndi itatu. Magetsi anali atazima kuyambira mbandakucha, makina ali chigonere. Enifa anayang'ana loko wofiira ali lende pa msomali pafupi ndi swichi, nadzifunsa kuti kodi ameneyu akulondera chiyani magetsi kulibe. Anamuchotsa, nakakhomera kabati ija, nati masana akagula wina ku sitolo. Sanauze munthu, poti zinali za maola ochepa chabe.

Gabrieli, woyendetsa makina, anali mlamu wake, mng'ono wa mwamuna wake Henry. Gabrieliyo ataona kuti magetsi akuchedwa, anati apezerepo mpata wochotsa mankhusu amene anatsamira kunsi kwa lamba wa makina. Anafuna loko pa msomali, osamupeza. Anafunsa amene anali pafupi, onse n'kupukusa mitu. Ndiye anangotsitsa mpini wa swichi, navula shati chifukwa cha kutentha kwa Okutobala, nakwawira kunsi kwa makina.

Itakwana 11 koloko wailesi ya kwa wometa tsitsi inangophulika yokha, ana a pamsewu n'kuyamba kukuwa kuti ayaka. Laisoni, mnzake wa Gabrieli pa ntchito ya makina, anali panja akutsitsa matumba pa ngolo. A Kaliati anali atalamula dzulo lake kuti magetsi akangobwera pasatayike ndi mphindi yomwe, pakuti mpunga woti woyendera adzaone unali usanapunthidwe. Laisoni anathamangira m'kati, naona msomali ulibe kanthu, mpini ulibe loko. Malinga ndi zimene Enifa yemweyo anamuphunzitsa, mpini wopanda loko ndiye kuti m'makina mulibe munthu. Anaukweza.

Enifa anali m'chipinda chosungiramo katundu pamene anamva makina akulira mawu achilendo, kenaka mfuu imene sanaimvepo kwa munthu. Pofika anapeza Laisoni atatsitsa kale mpini, akukoka Gabrieli miyendo. Lamba anali atagwira dzanja lamanja n'kulizunguliza pa gudumu mpaka m'chigongono, fupa lili poyera. Magazi anathovukira pa khoma lopaka laimu lija ndi pa matumba atsopano olembedwa dzina la kopaletivi. Anamanga mkonowo ndi lamba wa buluku la a Kaliati, namukweza pa galimoto ya wogula mpunga wina, ulendo wa ku chipatala cha Mua.

Mbiri siyenda pansi. Pofika 2 koloko mudzi wonse wa kwawo kwa Gabrieli unali utamva kuti mkono audula, ndiponso kuti amene anayatsa makina ndi Laisoni. Vuto linali lakuti awiriwa anali atamenyanapo mu Julaye ku sikimu ya Bwanje, polimbirana tsiku lothirira, ndipo anthu osachepera khumi anamva Laisoni akunena kuti udzaona. Mawu ngati amenewo amanenedwa tsiku lililonse pa ngalande, n'kuiwalika madzi akangofika m'munda. Koma tsikuli aliyense anawakumbukira bwinobwino.

Anabwera amuna okwana makumi awiri, Henry ali patsogolo ndi mpini wa khasu. Laisoni sanathawe, mwina chifukwa sankadziona wolakwa. Anamupeza atakhala pa khonde, mikono idakali ndi magazi a mnzake. A Kaliati atangoona fumbi la anthuwo, anagwira buluku lawo lopanda lamba n'kudzitsekera mu ofesi, akuti kukaimbira apolisi.

Panalibe zofunsana. Henry anamumenya ndi mpini paphewa, Laisoni n'kugwa chammbali, ndipo ena onse anamuunjikira. Ankamuponda kumutu ndi m'nthiti, wina akumukwapula ndi tcheni cha njinga. Iye ankangoti panalibe loko, panalibe loko, mpaka njerwa inamutseka pakamwa, mano n'kugwera m'mankhusu. Anamukokera pabwalo loyanikira mpunga, namutambasula dzanja lamanja pa simenti, msuweni wa Gabrieli akufunafuna mwala waukulu.

Enifa anaima pakhomo, kiyi wa loko uja ali m'thumba la epuloni yake. Anali ndi mantha, ndipo tisamunamizire kulimba mtima kumene analibe. Anaona mpini woyamba ukutsika, anaona tcheni, anaona njerwa, ali chete. Mumtima ankati apolisi afika, ankati atopa asiya okha, ankati akayankhula ukwati wa zaka khumi ndi zinayi utha pomwepo. Mwala utatsika koyamba pa zala za Laisoni, miyendo ya Enifa inayamba kuyenda yokha. Anakatsegula kabati ya poizoni, natenga loko, nalowa pakati pa amunawo atamukweza m'mwamba. Chigongono cha wina chinamupeza pa diso, koma anafika pamaso pa mwamuna wake Henry.

"Bambo a Yankho, loko ndi uyu. Ndinamuchotsa ndine m'mawa, ndinakhomera kabati. Laisoni anachita zimene ndinamuphunzitsa."

Amene anali pafupi anamva, manja awo n'kuyamba kugwa mmodzimmodzi. Henry anayang'ana loko, nayang'ana munthu amene anali gone pa simenti, nkhope yosazindikirikanso, mpweya ukutuluka ndi thovu lofiira. Kenaka anamuwomba mkazi wake khofi limene linamugwetsa pa matumba. Anawerama, namugwira pa kolala, nayankhula motsitsa mawu kuti ena asamve.

"Bisa chimenecho, mayi a Yankho. Ngati uyu sanalakwe, ife tachita chiyani pano?"

Pamene apolisi ankafika, bwalo linali lopanda munthu kupatula Enifa, atakhala pansi, mutu wa Laisoni uli pamiyendo pake. Anamutengera ku Mua komweko, kumene anamugoneka bedi lachitatu kuchokera pa Gabrieli. Laisoni anamwalira dzuwa lisanalowe.

Madzulo amenewo a Kaliati anamuitana Enifa mu ofesi. Anati zachitikazi n'zachisoni, koma maliro ndi maliro, chiphaso ndi chiphaso, ndipo alimi mazana atatu sangavutike chifukwa cha tsiku limodzi. Khoma alipakanso laimu, matumba amagazi awotchedwa. M'buku la ngozi alembe kuti wantchito wina anayatsa makina mosatsata lamulo, loko amubwezere pa kabati, pa swichi agula wina m'mawa. Kunyumba nako apongozi ake aamuna anatumiza mawu ofanana, kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka, banja silingamutaye bola atseke pakamwa. Onse anali okonzeka kumukhululukira, poti wakufa sadziteteza.

Woyendera anafika Lachinayi 9 koloko, bambo wamfupi wa magalasi dzina lake Geoffrey Macdonald, wokonda kugwedeza chilichonse ndi dzanja asanalembe. Za dzulo anali atamvako pang'ono panjira, a Kaliati n'kumutsimikizira kuti inali ndewu ya anthu a kumudzi yokhudza madzi. Anayang'ana zisoti, anayang'ana pansi pa matumba, anagwedeza loko watsopano wa pa swichi amene anali adakali ndi mafuta a m'sitolo. Atafika pa kabati ya mankhwala a makoswe anakoka loko wofiira kawiri, namwetulira, nati malo ambiri amene amayendera amagwera pamenepa, koma kuno zili bwino. Anatsitsa cholembera kuti achonge.

Enifa anaona pawindo. Henry anali tsidya la msewu, atatsamira njinga, akuyang'ana chigayo. Mkazi wa Laisoni anali atadutsa pomwepo m'mawa ndi mtolo wa nsalu, kupita ku Mua kukatenga mtembo wa munthu amene mudzi wonse unkamutcha wofuna kupha mnzake.

Enifa anatulutsa kiyi, natsegula loko, namuika m'dzanja la woyenderayo.

"Musachonge, bwana. Loko uyu malo ake si pano. Khalani pansi ndikuuzeni kumene anayenera kukhala dzulo 11 koloko, ndipo mulembe dzina langa."

A Kaliati anakhala pa thumba la mpunga osaitanidwa. Woyendera anavula magalasi, natembenuza pepala, nayamba tsamba latsopano. Enifa atamaliza kufotokoza anayang'ananso pawindo, diso lotupa lija likumuwawa. Tsidya la msewu kunalibenso Henry kapena njinga yake.