Mano a Azakhali

Ndinali ndikuchapa malaya oyera a kuntchito Loweruka m'mawa pamene foni inalira pawindo. Ndinapukutira manja pa siketi n'kuyankha. Anali a Sikelo, amene amayendetsa makina oyezera mafupa ku labotale kwathu. Dzinali tinawapatsa chifukwa sakhulupirira kanthu asanakayeze, ngakhale shuga wa mu tiyi. Iwo amandiitana Mayi Mano chifukwa ntchito yanga ndi ya mano.

"Mayi Mano, ngati mwaima, khalani pansi."

"Ndili pa beseni, bambo. Kwagwanji?"

"Kwagwa zabwino. Apulofesa akulengeza za Azakhali Lolemba teni koloko. Atolankhani aitanidwa, akuluakulu a yunivesite nawonso. Ati dzina lanu likhala lachitatu pa pepala la kafukufukuyu, pansi pa langa. Nsapato zanu zija zoseka kutsogolo muzisiye kunyumba."

Ndinaseka, ndinathokoza Mulungu, n'kubwerera ku beseni.

Azakhali ndi mafupa a mayi wina amene Apulofesa anafukula m'phanga. Pa katoni panalembedwa nambala 14, koma tinaona kuti kuitana munthu wamkulu ndi nambala n'kupanda ulemu. Ntchito yathu inali kudziwa zimene ankadya. Chimene munthu amadya chimasiya chizindikiro m'mafupa ake. Chimanga, mapira, mawere ndi maudzu ena amasunga kaboni wolemererako pang'ono kuposa wa zipatso ndi mizu, ndipo makina a a Sikelo amatha kuona kusiyanako. Makinawo anati Azakhali ankadya kwambiri mbewu za gulu limenelo. Koma sanganene kuti mbewu yake inali iti. Kuti tidziwe, ndinapala litsiro louma limene linakakamira m'mphepete mwa mano awo, chifukwa mmenemo mumatsekeredwa tinjere ta sitachi, ndipo mbewu iliyonse ili ndi kaumbidwe kake. Tinapeza tinjere makumi atatu ndi tiwiri ta chimanga, mwa munthu amene anamwalira zaka mazana ambiri isanafike nthawi imene mabuku amati chimanga chinayamba kulimidwa kuderalo. Apulofesa anafunafuna umboni umenewu zaka makumi awiri.

Ndinapisa m'thumba la malaya achiwiri, amene anangokhala pa msomali ku labotale chiyambire nyengo yozizira, ndisanawaviike, monga ndimachitira nthawi zonse. Munali golovesi mmodzi, woyera, wopindika. Nditamukoka, kaufa kanathothokera pa madzi, n'kuyandama pang'ono, kenako madzi anachita mbuu pamalopo.

Magolovesi a ku labotale ndi abuluu ndipo alibe ufa. Oyerawa ndinawadziwa. Nyengo yozizira manja anga anang'aluka mpaka kutuluka magazi, ndipo abuluu aja ankandiwotcha ngati tsabola. Alamu anga, akazi a achimwene amene ndimakhala nawo, ndi namwino. Ataona ndikulephera kugwira supuni, anandibweretsera bokosi la magolovesi ofewa. Ndinawavala masiku atatu okha. Anali masiku omwewo amene ndinapala mano a Azakhali.

Alamu anatuluka ndi ndowa ya zovala za ana awo zoti ayanike.

"Alamu, ufa wa m'magolovesi munandipatsa aja ndi wa chiyani?"

"Aja akale aja? Kuchipatala tinasiya, n'chifukwa chake anangokhala m'kabati. Ndi sitachi basi, kuti dzanja lizilowa bwino."

"Sitachi ya chiyani?"

"Ya chimanga. Bwanji, mukufuna kuphika phala?" Anaseka, koma ataona nkhope yanga analeka. "Alamu, mwatani? Akutulutsani ziwengo?"

"Ayi. Anandithandiza kwambiri."

Sindinaname. Ndinamaliza kuchapa, ndinayanika, koma mapegi ankandipulumuka m'manja. Alamu anawatola osafunsanso kanthu. Masana ndinapeza andiikira tiyi pa mpando wa pakhonde, atavundikira ndi sosala.

Chimene chinkandiopsa kwambiri n'chakuti palibe akanadziwa. Litsiro la m'mano a Azakhali linali lochepa ngati mutu wa machesi, ndipo lonse ndinalisungunula. Panalibe chotsala choti wina adzayezenso. Bokosi la magolovesi linali kunyumba, pansi pa bedi langa. Ndikanangokhala chete, Lolemba likanadutsa, manja akanawombedwa.

Koma ndinkaganizanso za anthu a malabotale ena amene amawerenga pepala ngati akusankha miyala mu mpunga. Tsiku lina wina adzaona zithunzi za tinjere tija, tosalala, tosatafunidwa, tosapsa ndi moto, n'kufunsa kuti, kodi munavala magolovesi otani? Pamenepo wochita manyazi sadzakhala ine. Ine ndani? Adzakhala Apulofesa, mayi amene anandipeza ndikutsuka mabotolo, n'kuona kuti ndimawayang'anitsa padzuwa ndisanawaike, n'kunena kuti, "Maso amenewa akuwonongeka pa sinki." Anandiphunzitsa okha kugwiritsa ntchito maikulosikopu, madzulo ena aliwonse, chaka chathunthu.

Ndikanena, ntchito yatha. Ndikapanda kunena, ndawatchera msampha amene anandidyetsa.

Lamlungu ndinapita kutchalitchi. Nyimbo ndinkangotsegula pakamwa. Pa nthawi ya pemphero la chamumtima ndinayesa kupempha kuti tinjere tija tikhale ta Azakhali enieni, koma mawu anakana. Ndinangoti, Ambuye, mukudziwa. Mayi amene anakhala pafupi nane, amene sindimudziwa n'komwe, anandisunthira buku lake la nyimbo kuti tionere limodzi, poganiza kuti ndaiwala langa. Ndinatsala pang'ono kulira chifukwa cha bukulo.

Lolemba ndinafika seveni isanakwane. Mlonda ananditsegulira n'kunena kuti, "Lero ndi lero, mayi, tikuonerani pa TV." Ndinadutsa pakhonde lalitali lija la mafiriji ong'ung'udza, ndinalowa m'chipinda changa, ndinatseka chitseko. Katoni ya Azakhali inali pa shelefu yake. Sindinayang'aneko.

Ndinatenga kagalasi katsopano, ndinagwedezerapo golovesi woyera kamodzi kokha, ndinadonthezapo madzi, n'kuika pa maikulosikopu. Tinjere tinali mbwee, ta makona, tokhala ndi kadontho pakati. Ndinatembenuza galasi losefa kuwala. Kanjere ka sitachi kakawalitsidwa motero kamaonetsa mtanda wakuda pakati pake. Tsiku limene ndinaona mitanda imeneyi m'litsiro la Azakhali ndinaiyesa dalitso. Tsopano inali mazanamazana, yonse ikundiyang'ana. Ndinatsegula zithunzi za tsiku lija pa kompyuta n'kuziika pambali. Sizinasiyane ngakhale pang'ono.

Chitseko chinatseguka. A Sikelo analowa atavala suti yonunkha mankhwala a njenjete, tayi itapendekeka.

"Mayi Mano, mpaka lero ntchito? Mukufuna mutilande udindo?"

Ndinawapatsa mpando. Anavula magalasi, anasuzumira, anakhala nthawi.

"Awa ndi Azakhali?"

"Ayi, bambo. Ndi uyu." Ndinawaonetsa golovesi.

Anamugwira ndi zala ziwiri, anamufikisa, anayang'ana ufa pa chala chawo.

"Munavala liti?"

"Masiku atatu aja."

"Mayo ine." Anandibwezera golovesi. Kunja kunamveka anthu akukoka mipando kupita ku holo. "Komatu mwina anadyadi chimangacho. Mafupa anena kuti ankadya mbewu. Makina anga sanama."

"Mwina anadyadi. Koma sitingadziwenso. Ndawaika m'kamwa chakudya changa."

"Wina akudziwa?"

"Inu ndi Mulungu."

Anayenda mpaka pawindo n'kubwerera. Anali atatsala ndi miyezi isanu kuti apume pa ntchito, ndipo dzina lawo linali lisanalembedwepo pamwamba pa pepala lililonse. Ndinadikira kuti anene kuti titaye golovesiyo. Akanatero, sindikudziwa ngati ndikanalimba.

"Pepala loti chipinda chino chinali choyera ndinasaina ndine," anatero. "Ndinayeza mpweya, ndinayeza madzi, ndinayeza matebulo. Manja anu sindinawayang'ane, chonsecho ndinkawaona akutuluka magazi." Anatenga kagalasi kaja n'kukaika bwinobwino m'kabokosi. "Ndinyamula ndine. Koma pakamwa ndi panu."

Holo ili pansi, masitepe makumi awiri ndi anayi. Ndinawawerenga onse. Mkati munali mutadzaza kale theka. Anthu awiri ankaimika makamera, wina ankamata waya pansi ndi tepi. Pa khoma panali chithunzi chachikulu cha nsagwada ya Azakhali, ndi kanjere kamodzi kokuzidwa ngati mpira, mtanda wake uli bwino lomwe. Nthawi inali itatsala mphindi makumi awiri kuti teni ikwane.

Apulofesa anali kutsogolo, akusanja mapepala. Anali atavala diresi yobiriwira imene ndinali ndisanaionepo, ndipo tsitsi lawo la imvi analikonza. Atandiona anatambasula dzanja.

"Mwana wanga, wafika. Ndakusungira mpando kutsogolo kuno. Manja aja ali bwanji? Mafuta ndinakupatsa aja ukudzola?"

"Ndikudzola, mayi."

"Nanga nkhope yagwa chifukwa chiyani? Makamerawa saluma."

A Sikelo anaika kabokosi pa tebulo, pamwamba pa mapepala, n'kuima pambali panga. Ndinatulutsa golovesi. Ndinayamba kufotokoza za nyengo yozizira, za alamu anga, za masiku atatu, koma mawu ankatuluka otsika. Ine ndi kale lomwe sindilankhula mokweza, ndipo wa zokuzira mawu anali akuyesa zida zake.

Apulofesa anaika dzanja kukhutu. "Kweza mawu, mwana wanga. Sindikukumva."

Ndinayang'ana kumbuyo. Mtolankhani wina anali atasiya kulemba pa foni. Mkulu wa yunivesite anali akulowa pakhomo. Ndinagwira m'mphepete mwa tebulo. Maso a Apulofesa anali atatsika kale pa golovesi, pa ufa umene unali utayera pa zala zanga, ndipo ndinaona kumwetulira kwawo kukuzima pang'onopang'ono. Anali atadziwa ndisanamalize kunena. Komabe anadikira.

Ndinakweza mawu, mpaka wa tepi uja anadzutsa mutu.

"Mayi, musalengeze. Chimanga chija si cha Azakhali, chinachokera m'manja mwangamu. Ndakuwonongerani zaka zanu, ndipo mayi wakufayo ndamunamizira. Ndalakwa ndine. Chonde, ndikhululukireni."