Tizitsulo Takuda ta Raisa

Ku Chipoka mlendo akamabwera, chilichonse chachitsulo chimalawa mchenga. Mayi Saida ndiye osanena: poto wawo unkatha kupesera tsitsi ukudziyang'anirapo.

Mwana wawo Raisa, wophunzira sayansi ku koleji, anali ndi ntchito yake kuseri kwa nyumba: botolo la madzi, sola, mawaya ndi tizitsulo tiwiri. Magetsi akadutsa m'tizitsuloto, madzi ankatulutsa thovu la haidrojeni, mpweya woyaka wotha kuphikira. Eni ndalama amagwiritsa ntchito chitsulo chodula cha pulatinamu. Iye anadula thireyi yakale n'kuikuta ndi mankhwala a nikelo mpaka kuda bii. Mphamvu yonse inali m'kudako. Loweruka aphunzitsi ake, a Masiye, ankabwera kudzaona ngati ntchitoyo ingam'pezetse malo opitirizira maphunziro.

Lachisanu m'mawa Raisa anapeza tizitsulo take tili pathandala pakati pa masipuni, tikunyezimira.

"Ndakutsukira, mwanangu," anatero mayi ake monyadira. "Aphunzitsi angatiyese auve."

Raisa anaona zala zawo zitasupuka ndi mchenga. Mtima unam'pweteka zedi, koma munthu wokukonda chotere ungam'kalipire bwanji? Anaviika tizitsulo m'botolo. Thovu linkatuluka limodzilimodzi, mwaulesi.

"Amayi, kuda kuja ndiye inali ntchitoyo."

Mayi Saida anakhala pansi. "Subhanallah! Ndiye kuti ndakuphera sukulu?"

Madzi akatayika saoleka. Raisa anasungunula mankhwala otsala n'kuyambiranso. Mayi ake, osauzidwa ndi munthu, anakoka mkeka n'kukhala pambali pa sola, akumaitembenuza kutsata dzuwa. Ngakhale swala, pemphero la masana, anaswalira pomwepo. Pofika madzulo tizitsulo tinali titadanso, mopyapyala ndithu, koma nikelo atagwira bwino m'mikwingwirima ya mchenga ija.

A Masiye atafika anapeza botolo likuchita thovu ngati thobwa. Anawerama, naweramanso, kenaka anatulutsa kachitsulo kamodzi n'kutambasula chala kuti akapukute.

"Pepani aphunzitsi, chotsani chalacho," anatero Mayi Saida, tiyi ali m'manja. "Zakudazo pakhomo pano sitikhudza."

A Masiye anaseka mpaka kupukuta misozi, nauza Raisa kuti Lolemba apite nato ku koleji.

Amene anakonza katundu wa paulendowo ndi Mayi Saida. Tizitsulo tija anatikulunga mu mpango wawo woyera wa pa Idi, tili takuda chomwecho.