Akalaliki Avomereza

Miyezi isanu inali itatha chiwachotsereni ntchito, koma Akalaliki ankadzukabe m'mamawa, kumanga tayi, n'kulandira kambale ka chakudya chamasana kwa akazi awo. Kunyumba sananene kanthu. Munthu amene wadinda makalata a ena zaka khumi ndi zisanu angayambire pati kuuza mkazi wake kuti tsopano ndi lova? Ankakwera basi yawo ya masiku onse, n'kukatsikira pa kashopu ka intaneti kuseri kwa msika, kumene malova ankalimbirana makompyuta anayi.

Pa kashopu kameneka Akalaliki anali dolo. Fomu iliyonse yofunsira ntchito inkathera ndi timalemba tothithikana ngati nyerere, ndipo pansi pake pankakhala kabokosi koti munthu achonge kuti wavomereza. Iwo ankachonga maso ali kwina.

Pambali pawo pankakhala Aphunzitsi, lova mnzawo wa magalasi omanga ndi waya, amene ankawerenga mzere uliwonse akulondola ndi chala. Nthawi yawo ya pakompyuta inkatha asanafike n'komwe pa kabokosiko.

"Achimwene, mukudzivutitsiranji?" ankaseka Akalaliki. "Akuti atenga zinsinsi zathu. Zinsinsi zanji? Ine chuma changa ndi nsapato izi, ina njobooka. Atenge!"

Tsiku lina onse awiri ankalemba fomu ya bungwe lina lothandiza anthu osowa ntchito. Fomuyo inkafunanso chithunzi. Akalaliki anaikapo chija chabwino, cha tayi yabuluu, chimene anawajambula akazi awo tsiku limene anakwezedwa pantchito.

"Taonani apa," anatero Aphunzitsi, chala chili pagalasi. "Akuti chithunzi chanu angachigwiritse ntchito mmene angafunire."

"Nkhope inoyi? Bola iyoyo aigwiritse ntchito, mwini wake akumukana paliponse."

Shopu yonse inafa nacho chiseko, ndipo Akalaliki anachonga kabokosiko monyadira ngati akusainira malipiro.

Patapita masabata atatu, Lolemba m'mawa, akazi awo anati awaperekeza kusiteji. Zimenezi sizinachitikepo chikwatiranireni, koma Akalaliki anangoti mwina chikondi chaphukiranso. Mayiyo ananyamula yekha kambale kaja, akuyenda mwachifatse.

Atakhota pakona, Akalaliki anakumana ndi Akalaliki. Pakhoma la siteji panali chikwangwani chachikulu kuposa chitseko cha garaja, tayi yabuluu ili nga, mano onse ali pamtunda. Pansi pake panali malembo oti ngakhale Aphunzitsi akanawawerenga popanda magalasi: INENSO NDILIBE NTCHITO, KOMA NDALEMBETSA. NANGA INU?

Akalaliki anayesa kuima kutsogolo kwa chikwangwanicho, koma mutu wawo unangophimba mfundo ya tayi. Anthu odikira basi, ambiri a iwo oyandikana nawo nyumba, ankayang'ana kukhoma, n'kuyang'ana iwo, n'kuyang'ananso kukhoma. Manyazi amene anawagwira sanawamvepo chibadwire.

Akazi awo anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali.

"Tayi ija ndinaisita bwino," anatero.

"Mayi, ndimati ndikuuzeni, kungoti…"

"Anachipachika Lachisanu, bambo. Ndinachiona pochokera kumsika, ndili ndi alamu anu. Loweruka lonse ndinadikira kuti mundiuze nokha. Lamulungu ndinadikiranso. Inu munali kalikiliki kupolisha nsapato."

"Sindinawerenge, mayi. Ndinangochonga."

"Kwa anthu osawadziwa munavomera zonse osafunsa. Ine amene ndimakuchapirani kolala ndiye munaona kuti sindingasunge chinsinsi."

Basi inafika, kondakitala n'kusuzumira pazenera, kuyang'ana khoma, kenako Akalaliki.

"Bwana otchuka, mpando wakutsogolo ndi wanu!"

Akazi awo anawakonzera kolala bwinobwino pamaso pa anthu onse, n'kuwaika kambale kaja m'manja. Kanali kopepuka, ndipo Akalaliki anadziwa osatsegula kuti mulibe kanthu.

"Kwerani, bambo," anatero mayiyo. "Mungachedwe, angakuchotseni ntchito."